Kodi Mumadziwa? Makompyuta Amene Amathimitsana Okhaokha

Kodi mumadziwa kuti makompyuta akuluakulu osunga nkhani za mabanki ndi makampani, aja amati maseva, amagwira ntchito m'magulu, ndipo amatumizirana kauthenga pafupipafupi kosonyeza kuti akadali moyo? Imodzi ikangoti zii, anzake safunsa zambiri. Amaithimitsa.

Zikumveka ngati nkhanza, koma taganizani. Kompyuta yongokhala duu mwina yafadi, mwina yangouma kwakanthawi, mwina ndi waya wa netiweki waduka. Anzake sangathe kusiyanitsa. Tsono ina ikatenga ntchito yake, yodwalayo n'kudzidzimuka, zonse ziwiri zimayamba kulemba pa disiki imodzi, iliyonse ikudziyesa mwini. Akatswiri amati split-brain. Mafayilo amasokonekera, ndipo kuwakonza ndi chintchito chachikulu kuposa kuyatsanso makina. Bola kuthimitsa yamoyo kusiyana ndi kukhulupirira kuti yafa.

Kodi mumadziwa kuti kutsekera kunja kotereku, fencing, a Linux amakutchanso STONITH, chidule cha mawu otanthauza kuwombera mnzako m'mutu? Chipolopolo chake ndi magetsi. Maseva ambiri ali ndi kachipangizo kakekake mkati, monga iDRAC ya Dell kapena iLO ya HP, kamene kamamvera lamulo lothimitsa ngakhale seva yonse itauma.

Njira ina ndi yofatsa: disiki imangokana kulandira zolemba za kompyuta yokayikitsayo. Palinso watchdog, kawotchi kamene seva iyenera kumakagwedeza nthawi zonse. Ikalephera, kamaithimitsa n'kuiyatsanso.

Kodi mumadziwa kuti maseva atatu ndi abwino kuposa awiri? Akalekana, mbali ya awiri ndiyo imapitiriza ntchito, yotsala yokhayo imagonja. Akakhala awiri okha palibe wogamula, ndiye akhoza kuwomberana nthawi imodzi. Zinachitikadi ku kampani ya GitHub pa 22 December 2012: netiweki itauma, maseva ena osunga mafayilo anathimitsana awiriawiri, ntchito n'kuima kwa maola angapo. Pofuna kupewa zotere, pulogalamu yoyang'anira magulu a maseva ya Pacemaker imalola kuchedwetsa mbali imodzi masekondi ochepa, kuti pakhale woyamba kuwombera.

Ena amaletsa fencing pofuna kuti zinthu ziyende msanga. Ndikuwamvera chisoni. Kampani ya Red Hat sipereka chithandizo pa gulu la maseva lopanda fencing.