Kodi foni ingaphunzitse mwana wanu Biology?

Amayi, mwana wanu wa Fomu 3 akakupemphani ndalama ya bandulo kuti awerenge Biology kapena Geography, musafulumire kumukaniza. Komanso musaganize kuti sukulu yonse yalowa m'foni.

Tinaziona mu 2020. Sukulu zitatsekedwa mu March chifukwa cha Covid-19, ophunzira a sekondale anauzidwa kuti apitirize maphunziro pa intaneti. Amene anali ndi foni yamakono ndi potchajira anapitirizadi. Ambiri akumudzi anangokhala mpaka sukulu zinayamba kutsegulidwa mu September, ndipo atsikana ena sanabwererenso m'kalasi: ena anatenga pathupi, ena anakwatiwa.

Foni ili ndi ubwino wake. Kanema amaonetsa mwana zimene choko sichingajambule bwino: mmene tizilombo ta malungo timachokera mwa udzudzu, n'kukabisala m'chiwindi, kenako n'kulowa m'magazi, kapena mmene miyala ya pansi pa nthaka imasunthira n'kubweretsa chivomezi ngati cha ku Karonga mu 2009. Pamene sanamve amabwereza, popanda womuseka.

Koma mayeso a MSCE a Biology ali ndi pepala lofuna manja. Taganizirani za kuyeza sitachi m'tsamba. Tsambalo amaliwiritsa, n'kuliika mu spiriti kuti kubiriwira kuchoke, kenako n'kulidontheza ayodini. Likada, ndiye kuti sitachi alimo. Pa kanema zimaoneka zophweka. Amene anagwirapo yekha ndiye amadziwa kuti spiriti sayandikitsidwa pamoto, amatenthetsedwa m'madzi otentha, ndiponso kuti tsamba likatuluka mmenemo limakhala louma gwa, lofunika kuliviikanso m'madzi kuti lisathyoke. Inunso simunaphunzire kuphika nsima pomvera wailesi.

Zina mungayambe pakhomo pompo. Mwana athire dothi la m'munda ndi madzi m'botolo, akhutchumule, n'kulisiya. Mchenga ukhala pansi msanga, dongo lichedwa, zinyalala ziyandama. Abwerezenso ndi dothi la kudimba, akuuzeni kusiyana kwake.

Sukulu zambiri za CDSS zilibe labotale. Choncho pamsonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, funsani kuti anawo anagwira liti chipangizo komaliza, ndipo chikusowa n'chiyani. Mwina mupeza kuti ndi ayodini ndi spiriti chabe, zinthu zoti amayi a mphakati umodzi angasonkherane n'kugula teremu isanathe.