UDZU UMAWERENGA MAORA A USIKU

(Nkhani iyi inakambidwa pa wailesi m'nthawi ya alimi. Taisindikiza muno kuti amene sanamve awerenge okha, ndiponso kuti mafumu awerengere anthu awo pabwalo.)

 Lero tikambirana za udzu. Kapena ena museka, muti kodi udzu ungakhale ndi nkhani? Koma taganizani za ng'ombe zanu m'mwezi wa Okutobala, pamene nthiti ziri poyera ndipo ngolo yazikanika, chikhalirecho udzu uli mbwee kudambo. Taganizaninso za amai amene alawira mbandakucha kukafuna nkhuni kuphiri kumene mitengo inatha kale. Mabvuto awiriwa akumana pa udzu, ndipo mlimi wodziwa makhalidwe a udzu akhoza kuchepetsa onse awiri.

CHINTHU CHIMENE NONSE MUNACHIONA

Inu a ku chigwa cha Shire mudziwa bwino mapira a makolo, aatali aja. Mlimi wina abzala ndi mvula yoyamba mu Disembala, mnzake achedwa nabzala mu Januwale. Koma ikafika nyengo yomasula, minda yonse iwiri itulutsa ngala pafupifupi nthawi imodzi. Kusiyana kwake ndi kwakuti mapira a woyamba uja ndi aatali ndi onenepa, pamene a wochedwa ndi aafupi ndi oonda. Tsekera wa m'tchire achitanso chimodzimodzi: chaka ndi chaka amasula chakumapeto kwa dzinja, kaya mvula inafulumira kaya inachedwa. Nanga udzu udziwa bwanji mwezi, popeza ulibe kalendala?

Yankho lake linapezeka ku America, ndipo linapezeka pa mbeu imene inu muidziwa bwino, ndiyo fodya. Kumeneko kunali fodya wina dzina lake Maryland Mammoth, amene ankangokula m'munda, kutalika kuposa munthu, osachita maluwa kufikira chisanu chitamupha. Akatswiri awiri a boma, W. W. Garner ndi H. A. Allard, anayesa kunyamula fodyayo dzuwa likali m'mwamba ndi kumutsekera m'kanyumba ka mdima kufikira m'mawa, tsiku ndi tsiku. Atatero fodya uja anachita maluwa. M'chaka cha 1920 iwo analengeza kuti mbeu zambiri zimamasula potsata kutalika kwa usana. Pambuyo pake, mu 1938, akatswiri ena awiri, Hamner ndi Bonner, anaonetsa kuti makamaka chimene mbeu imayesa ndi usiku. Iwo anayatsa nyali kanthawi kochepa pakati pa usiku, ndipo mbeu imene inayenera kuchita maluwa inaleka. Tsono masamba ndiwo amawerenga maora a mdima, ndipo maorawo akakwana, masamba atumiza uthenga kunsonga kuti, leka kupanga masamba, yamba kupanga ngala.

USANA WA KWATHU KUNO

Ambiri aganiza kuti kuno usana ndi usiku zilingana chaka chonse. Iai, sizitero. Ku Lilongwe usana wa pa 21 Disembala uli pafupifupi maora 13, koma wa pa 21 Juni ungopitirira pang'ono maora 11. Ku Nsanje kusiyanaku nkokulirapo, ku Karonga nkocheperapo. Kwa munthu kusiyana kotere nkwakung'ono, pakuti ku London usana wa mu Juni upitirira maora 16 ndipo wa mu Disembala sufika maora 8. Koma udzu wa maiko otentha uli ndi khutu lakuthwa: umamva ngakhale kusintha kwa mphindi zowerengeka.

Mapira, mchewere, nsenjere ndi nzimbe zonse ndi za mtundu wa udzu, ndipo zimamasula usana ukayamba kufupika. Si mbeu zonse ziri chomwecho. Mapira akucha msanga, monga Pilira 1 ndi Pilira 2, sasamala kwenikweni za usana; iwo awerenga masiku awo kuyambira tsiku lobzala. Nchifukwa chake mlimi ayenera kudziwa mbeu imene ali nayo m'manja.

UDZU WOPANGIRA MOTO NDI MAFUTA

M'maiko ena anthu alima udzu m'minda yaikuru, osati wa ziweto, koma wopangira moto, magetsi ndi mafuta. Ku Britain alima udzu wautali wotchedwa Miscanthus, umene kwao ndi ku Asia, naautentha m'nyumba zopangira magetsi. Ku America alima switchgrass ndi mapira aatali. Ku Thailand adula nsenjere yomwe tiri nayo kunoyi naiika m'mathanki kuti iwole ndi kutulutsa mpweya woyaka, umene autcha bayogasi. Ifenso sitiri alendo pa zimenezi, pakuti ku Dwangwa anayamba mu 1982 kupanga ethanol kuchokera ku manyuchi otsala popanga shuga, ndipo ethanolyo asakaniza ndi petulo. Ethanol ndiye ukali womwe uja uli mu kachasu, koma woyengedwa kwambiri.

Tsono wolima udzu wotere safuna ngala kapena njere. Iye afuna mapesi ndi masamba ochuruka. Ndipo udzu ukangomasula uleka kutalika, mphamvu yake yonse ipita ku njere, monga mudziwa inu a fodya amene mumadula maluwa kuti masamba akule. Nzimbe nayonso ikatulutsa ngayaye ileka kukula, ndipo ikakhalitsa m'munda m'kati mwake muyamba kuuma ngati thonje, madzi a shuga nachepa.

Chifukwa cha ichi akatswiri a ku Texas anapanga mitundu ya mapira imene simasula kufikira usana utatsika pansi pa maora 12 ndi mphindi 20. Kumeneko abzala mu Epulo, ndipo usana sutsika chomwecho kufikira mu Seputembala. Mapirawo angokula miyezi isanu, natalika mamita 4 ngakhale kuposa. Ndi switchgrass anaona zofanana: mbeu ya kummwera kwa dzikolo, akaibzala chakumpoto kumene usana wa nyengo yofunda ndi wautali, ichedwa kumasula ndipo ipatsa udzu wochuruka, koma akapita nayo kutali kwambiri chisanu chiipha.

Mverani bwino apa, pakuti ndipo pagona nkhani kwa ife. Ku Lilongwe usana upitirira maora 12 ndi mphindi 20 kuyambira kuchiyambi kwa Okutobala kufikira kuchiyambi kwa Malichi. Koma mvula yobzalira ibwera kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala. Chomwecho mapira amene ku Texas ali ndi miyezi isanu yokulira, kuno angakhale ndi miyezi itatu yokha. Mukabzala kumapeto kwa Januwale muwasiyira masabata asanu kapena asanu ndi limodzi. Mukawabzala kudimba mu Juni adzamasula akali aafupi, ngakhale muwathirire ndi kuwapatsa manyowa. Akulu anati mmera mpoyamba. Ndipo wina akabwera ndi mbeu ya kunja nakuonetsani chithunzi cha udzu wotalika ngati denga, musataye ndalama msanga. Yambani mwayesa pa kachigawo kakang'ono ka munda, mufunsenso mlangizi wa za ulimi wa kwanu.

CHIFUKWA CHAKE UDZU WOKHWIMA SUGAYIKA

Tsopano tibwere ku mbali yachiwiri. Kuchuruka kwa udzu ndi chinthu china, ubwino wake ndi chinthu chinanso. Ng'ombe payokha singathe kugaya udzu. M'chifu chake muli tizilombo tosaoneka ndi maso, ndipo timeneti ndito timaswa ulusi wa udzu kuti ng'ombe ipeze mphamvu. M'thanki ya bayogasi mugwira ntchito tizilombo ta mtundu womwewo, nchifukwa chake poyamba athiramo ndowe. Opanga ethanol kuchokera ku mapesi nawonso ayenera kuyamba aswa ulusi womwewo kuti usanduke shuga. Tsono udzu umene ng'ombe igaya bwino ndi womwewo umene upatsa mpweya wambiri m'thanki.

Udzu ukalandira uthenga uja wakuti umasule, phesi litalika msanga ndipo liyenera kulimba kuti linyamule ngala pamphepo. Kuti lilimbe, udzu upanga chinthu china chimene akatswiri achitcha lignin, chomwecho chimene chilimbitsa mtengo. Chinthu chimenechi chikuta ulusi monga dothi likuta mitengo ya nyumba yophoma, ndipo tizilombo tija tilephera kufikapo. Nthawi yomweyo masamba a m'munsi auma nayoyoka, kotero kuti phesi lichuruka kuposa masamba. Chakudya chomanga thupi, chimene chikhala makamaka m'masamba, chichepa. Kuti tizilombo ta m'chifu tigwire bwino ntchito, chakudya chomanga thupi chiyenera kufika magawo 7 mwa magawo 100 a udzu wouma, koma udzu wa m'tchire wa m'chilimwe utsika kufika magawo 3 kapena kucheperapo. Ng'ombe idya, mimba itupa, ibzikula usiku wonse, koma thupi lingotha. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Koma musaganize kuti udzu ukachedwa kumasula ndiye kuti ukhala wofewa mpaka kale. Iai. Kuchedwa kumasula kusunga masamba aawisi nthawi yaitali, koma phesi likhwimabe ndi ukalamba, ndipo kutentha kwa dziko kufulumiza kukhwimako. Mapira aatali aja a ku Texas apatsa katundu wochuruka, koma mtolo umodzi wa iwo kawirikawiri sugayika bwino monga mtolo wa mapira aafupi odulidwa pa nthawi yake. Pofuna kuthandiza pa bvuto limeneli, akatswiri a ku Purdue University analengeza mu 1978 za mapira amene msempha wa pakati pa tsamba uli wofiirira m'malo mwa woyera. Mapira otere ali ndi lignin wochepa ndipo agayika bwino, koma popeza phesi lake ndi lofewa, mitundu ina igwa msanga ndi mphepo.

Kwa wofuna moto wa pachitofu nkhani itembenuka. Lignin ayaka bwino ndipo apatsa moto wotentha. Udzu wokhwima ndi wouma, umene ng'ombe iukana, ndiwo wabwino kuusinja ndi kuuumba zigulumwa zophikira m'malo mwa makala. Ku Britain Miscanthus samdula ali wauwisi. Amsiya m'munda nyengo yonse yachisanu kuti aume. Ndi udzu wofolera nyumba mudziwa kale kuti ufuna wokhwima.

ZOYENERA KUCHITA

Choyamba, dziwani ntchito imene mufunira udzu wanu musanaumwete. Wa ziweto ndi wa bayogasi mumwete usanamasule. Wa moto ndi wofolera muusiye ukhwime, njere ziyoyoke, kuti chaka chamawa umerenso.

Chachiwiri, bzalani nsenjere ndi mapira a ziweto ndi mvula yoyamba, kuti zilandire masiku onse a usana wautali. Nsenjere ibzalidwa ndi mapesi, monga nzimbe, ndipo ikakhala m'mphepete mwa munda kapena m'mbali mwa khwawa igwiranso nthaka kuti isakokoloke.

Chachitatu, dulani nsenjere ikafika m'chiuno mwa munthu wamkulu, ndiko kunena mita imodzi kapena kupitirira pang'ono. M'dzinja izi zitenga masabata 6 kufikira 8. Siyani chitsa chachifupi kuti iphukenso, muthirepo manyowa, ndipo muiduledule musanapatse ng'ombe. Nsenjere yotalika kuposa munthu yasanduka nkhuni.

Chachinai, mfutso wa ziweto mupange kumapeto kwa Febuluwale kapena mu Malichi, udzu ukangoyamba kuonetsa ngala. Sankhani masiku a dzuwa, mumwete mame atauma, muutembenuze masiku awiri kapena atatu, ndipo muusunge pa thandala pamthunzi ukali wobiriwira. Musakanize ndi masangwe a mtedza kapena masamba a nandolo, pakuti amenewa ali ndi chakudya chomanga thupi chochuruka.

Chachisanu ndi chenjezo. Mapira aang'ono osapitirira bondo, ndiponso mphukira zake, makamaka zofota ndi ng'amba, ziri ndi ululu umene ungaphe ng'ombe tsiku lomwelo. Musalole ziweto kulowa m'munda wotere.

MAU KWA INU MAFUMU

Mlimi mmodzi sangasunge udzu payekha ngati mnzake ayatsa tchire chifukwa cha mbewa. Pamenepa ndipo pafunika mau anu. Itanani anthu anu pabwalo mvula isanathe, mugawe malo: apa pomweta mfutso mu Malichi, apa posiyira udzu wofolera ndi wa moto kufikira Juni kapena Julaye, apa podyetsera ziweto. Mulamule kulambula njira zotchinga moto kuzungulira malo amenewa, ndipo abusa adziwe malire ake. Dzuwa silidikira msonkhano wa mudzi. Malichi akafika usiku utalika, udzu umasula, ndipo chakudya chimene chikadanenepetsa ng'ombe zanu chisanduka mapesi. Mudzi umene umweta pa nthawi yake udzakhala ndi ng'ombe zamphamvu zokokera khasu mvula ikagwa, ana adzamwa mkaka m'chilimwe, ndipo mitengo ya kuphiri idzapumako.

Ngati pali zimene simunamvetse, funsani mlangizi wa kwanu, kapena tilembereni kalata ndipo tidzayankha pa wailesi pompano. Sabata yamawa tidzakambirana za kakumbidwe ka dzenje losungiramo udzu wauwisi.