Sikani ya mutu siikwana m'zithunzi zisanu ndi chimodzi za pa foni

Pa 1 Okutobala 1971, pa chipatala china mumzinda wa London, mayi wina amene madokotala ankamukayikira kuti ali ndi chotupa mu ubongo anakhala wodwala woyamba kujambulidwa ndi makina a CT. Chithunzi chimene chinatuluka chinali cha timadontho 80 chopingasa ndi 80 chotsika, chambuu ndithu, komabe chotupacho chinaoneka. M'zaka zoyambirirazo munthu akafuna kusunga zimene waona ankajambula sikirini ndi kamera yotulutsa chithunzi pompopompo. Padutsa zaka zoposa 50, ndipo makina a lero amatulutsa timadontho 512 mbali iliyonse pa gawo limodzi, magawowo n'kufika mazanamazana pa wodwala mmodzi. Chodabwitsa n'chakuti kamera ija yabwerera. Tsopano ili m'thumba la namwino, la dokotala ndi la gadiyani, moti si zachilendonso kuona sikani ikuchoka chipatala china kupita china itasanduka zithunzi zingapo za pa WhatsApp.

Zinamuchitikira mnyamata wina wa kabaza yanjinga yamoto amene anagwa pa msewu wafumbi alibe chisoti kumutu. Anadzuka yekha, nasasa fumbi, nakankha njinga mpaka kunyumba. Madzulo anayamba kusanza ndi kudandaula mutu, ndipo m'mawa mwake abale anasonkherana ndalama n'kukamujambulitsa mumzinda. Anabwerako ndi envulopu yakhaki, m'kati muli chimbale cha CD cholembedwa dzina lake ndi cholembera chakuda. Amalume ake anaisunga envulopuyo m'kati mwa jekete ulendo wonse wa pa minibasi, ndipo atafika ku chipatala chakwawo anaipereka ndi manja awiri. “Adokotala, zonse zili m'menemu.” Dokotala anatembenuza laputopu yake uku ndi uku n'kupukusa mutu. “Bambo, kompyuta iyi ilibe polowetsa chimbale.” Choncho anaimba foni kumene kunajambulidwa sikaniyo, ndipo wina kumeneko anatsegula fayilo, anasankha magawo asanu ndi limodzi, n'kuwajambula ndi foni pa sikirini. Pa chithunzi china kuwala kwa pazenera kunagwera pakati penipeni pa ubongo. Pa china panali mizere yonyezimira imene imabwera foni ikajambula sikirini, ndipo chapansi pake chala cha wojambulayo chinkaoneka. Kona yokhala ndi chilembo chosonyeza kumanja kwa wodwala inadulidwa. Ubongo unkaoneka wabwinobwino. Patapita masiku awiri chimbale chija chinatsegulidwa pa kompyuta yakale ya mu ofesi yosunga mafayilo, ndipo dokotala atangosintha kawonekedwe ka kuwala ndi mdima, m'mphepete mwa chigaza munatulukira kamzere ka magazi, kopindika ngati mwezi ukangokhala kumene. Mwamwayi magaziwo anali ochepa, ndipo mnyamatayo anangogonekedwa n'kumayang'aniridwa.

Wojambula ndi foni uja sanalakwitse dala. Vuto lili pa kusazindikira kuti sikani ya CT si chithunzi. Ndi mulu wa manambala wosanjikizana ngati buledi wodula kale, ndipo kadontho kalikonse m'silayisi iliyonse kamanena kulimba kwa chimene chili pamalopo. Pa muyeso umene makinawa amagwiritsa ntchito, madzi ndi 0, mpweya ndi -1000, mafuta a m'thupi amakhala cha m'ma -100, ubongo pakati pa 20 ndi 45, magazi ongoundana kumene cha pakati pa 50 ndi 80, ndipo fupa lolimba limatha kupitirira 1000. Makina ambiri amasunga milingo 4,096 yosiyana, pomwe sikirini wamba imaonetsa mitundu 256 yokha ya kutuwa. Ndiye pulogalamu yoonera imakakamizika kusankha kachigawo ka manambalawo kuti ikaonetse, chimene madokotala amachitcha window. Window yoonera ubongo nthawi zambiri imatenga manambala oyambira pa 0 kulekeza pa 80, ndipo chilichonse chopitirira pamenepo chimangoyera mbee. Magazi a pa 70 ogundana ndi fupa loyera amabisala mosavuta. Ukaitambasula window kufika cha m'ma 200, fupa limakhalabe loyera koma magazi amatuwa n'kusiyana nalo. Zimenezi zimatheka manambala onse akadalipo. Munthu akangosunga gawo ngati JPEG, kapena kulijambula ndi foni, window imene inalipo pa nthawiyo imakhazikika ndipo manambala ena onse amatayika. Wolandira chithunzicho walandira maganizo a mnzake, amene anasankha gawo loti aone ndi kuwala koti aonere.

N'chifukwa chake chofunika kusungidwa ndi kuperekedwa ndi mulu wonsewo, m'mafayilo a DICOM amene makina amatulutsa. Dongosolo limeneli linakhazikitsidwa mu 1993 kuti makina a makampani osiyanasiyana azimvana, ndipo fayilo yake imanyamula zambiri kuposa timadontho. Muli kukula kwa kadontho kalikonse m'mamilimita, kuchindikala kwa silayisi, malo ake m'thupi, ndi mbali imene ili kumanja kwa wodwala. Zimenezi zikakhalapo, pulogalamu imatha kuudula mutu womwewo chotsika kapena chammbali, ndipo mng'alu wa chigaza umene unagona motsatira masilayisi n'kusaoneka umatulukira. Ophunzira za kafukufuku amapunthwanso pomwepa. Amatulutsa magawo ngati zithunzi wamba, n'kuwalowetsa mu pulogalamu ya ImageJ ngati mulu, osauza pulogalamuyo kutalikirana kwa magawowo. Ngati kadontho ndi theka la milimita koma masilayisi atalikirana mamilimita 5, pulogalamu yongoganiza kuti mbali zonse n'zofanana imauphwatalitsa mutu kakhumi, ndipo kukula kwa chotupa kumene iwerengere kumalakwika kakhuminso. Nthawi zina mafayilo amasanjidwa potsatira zilembo, gawo 10 n'kubwera gawo 2 lisanafike, munthu n'kumadabwa kuona nsagwada pakati pa maso.

Otsutsa ali ndi mfundo yolemera, ndipo ndi ya ndalama. Gawo limodzi la CT limadya pafupifupi theka la megabayiti, choncho sikani ya masilayisi 600 opyapyala ndi mamegabayiti pafupifupi 300. Kutumiza zimenezo kuchokera ku chipatala cha kumudzi, netiweki ikubwera n'kumathawa, bandulo akugula ndi dokotala mwini wake, n'kovuta. Zithunzi zisanu ndi chimodzi zimadutsa m'kamphindi, ndipo pa wodwala amene magazi adzaza theka la chigaza n'zokwanira kuti dokotala wa opaleshoni anene kuti bwerani naye msanga. Zimenezi n'zoona, ndipo woletseratu zithunzi za pa foni akhoza kuphetsa anthu. Koma tione chimene chithunzi chotere chingathe ndi chimene sichingathe. Chimatsimikiza vuto limene wojambula waliona kale. Sichinganene kuti palibe vuto, chifukwa magawo amene sanasankhidwe ndi window imene sinayesedwe sizinafike kwa woona. Ngozi ili pa kulandira zithunzi zooneka bwino n'kumuuza wodwala kuti apite kwawo. Komanso mamegabayiti 300 aja si malire osasunthika. Pali njira zopanikizira mafayilo popanda kutaya nambala ngakhale imodzi, zimene zimachepetsa kukula kwake kawiri kapena katatu. Sikani ya mutu ya masilayisi a mamilimita 5 imakhala ndi magawo pafupifupi 30, amene ndi mamegabayiti 15 chabe, ochepa kuposa kavidiyo ka paukwati kamene anthu amatumizirana osadandaula. Mafayilowo akaikidwa mu zip n'kutumizidwa pa WhatsApp ngati document amafika osasinthidwa, ndipo mapulogalamu owatsegulira monga Weasis ndi 3D Slicer ndi aulere.

Ena amati chofunika ndi lipoti la katswiri, manambala ndi a akatswiri okhaokha, ndipo wodwala akakhala ndi pepala lofotokoza zimene zapezeka zakwana. Lipoti limayankha funso limene linafunsidwa tsiku limenelo. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi funso limasintha: kodi kachotupa ka m'mapapo kaja kakula? Kuyankha kumafuna kuika sikani yakale ndi yatsopano pambalipambali, pa window imodzimodzi, n'kuyeza pamalo amodzimodzi. Mawu akuti kachotupa kakang'ono sangayezedwe ndi rula. Sikani yakale ikasowa, kapena ikatsala ngati zithunzi zitatu mu foni imene inabedwa, wodwala amajambulidwanso pomwe sipanafunike, kapena amadikira miyezi ina kuti papezeke choyerekezera. Kujambulanso kumadya ndalama za banja, kumatalikitsa mzere pa makina amene ndi ochepa kale, ndiponso kumaonjezera cheza m'thupi. CT imodzi ya mutu imapereka pafupifupi mamilisiveti 2, amene sasiyana kwenikweni ndi cheza chimene munthu amalandira kuchokera m'chilengedwe chaka chathunthu, ndipo ya pamimba imaposa pamenepo kangapo. Si zoopsa kwa wofunikadi kujambulidwa, koma n'zopanda nzeru kuzilandira chifukwa choti fayilo sinasungidwe.

Mfundo ya chinsinsi cha wodwala ndiyo yovuta kuiyankha bwinobwino. Fayilo ya DICOM imabisa m'kati mwake dzina, tsiku lobadwa ndi nambala ya wodwala, ngakhale zitafufutidwa pa sikirini, ndipo sikani yathunthu ya mutu ikhoza kusonkhanitsidwa n'kuonetsa nkhope ya mwini wake. Wotumiza mulu wonse watumiza munthu yense. Pa kafukufuku ndi pophunzitsa, mayinawo ayenera kuchotsedwa ndi pulogalamu fayilo isanatuluke. Pochiza wodwala dzina liyenera kukhalapo, apo ayi sikani ya wina idzawerengedwa ngati ya mnzake, ndiye chofunika ndi kusamala kumene ikupita. Chithunzi cha pa foni nachonso sichisunga chinsinsi. Dzina limakhala pakona ya sikirini, ndipo chithunzicho chimatsala mu foni pakati pa zithunzi za ana ndi za kutchalitchi, foni yomwe madzulo amabwereka achibale.

Chimbale cha CD chimalowa mamegabayiti 700, okwanira sikani zambiri, ndipo chikadali njira imene odwala amanyamulira matupi awo pa minibasi. Malaputopu atsopano ambiri sakubweranso ndi polowetsa chimbale, ndipo fulashi amaikana m'maofesi ena poopa mavairasi. Kachipangizo koonjezera kowerengera zimbale ndi kakang'ono kokwana m'kabati ya tebulo la dokotala, koma sikaoneka ngati chida cha chipatala, mwina n'chifukwa chake sikakumbukiridwa pogula zinthu. Odwala okha ndi amene sanasiye kuchilemekeza chimbalecho. Amachikulunga m'jumbo limodzi ndi kabuku ka kuchipatala, ena amachipukuta ndi nsonga ya chitenje asanachipereke, ndipo alipo amene amachiyang'anitsa padzuwa monga ankachitira ndi filimu ya X-ray, n'kungoona nkhope yawo ndi mitundu ya utawaleza.