Madzi ndi Maonekedwe a Mitengo ku Ntcheu

Mtengo umataya madzi kudzera m'timabowo ta pamasamba, ndipo umawakoka m'nthaka kudzera m'timitsempha ta m'thunthu. N'chifukwa chake tsamba ndi thabwa zimasintha molingana ndi mvula ya dera. Ku Ntcheu izi zimaoneka bwino, pakuti bomali lili ndi mapiri ozizira a Kirk Range komanso chigwa chotentha cha Bwanje.

Kumtunda, monga m'nkhalango ya Mvai, kwachuluka miombo ndi misuku. Mvula ikatha mu Epulo, mombo umayamba kuyoyola masamba kuti usunge madzi. Cha mu Seputembala umaphukira masamba ofiira mvula isanagwe, chifukwa mizu yake imafika pansi pachinyezi. Msuku uli ndi masamba akuluakulu koma ochindikala, osafota msanga.

Kuchigwa nkhani ndi ina. Tsamba la tsanya lili ndi mbali ziwiri ngati mapiko a gulugufe, ndipo dzuwa likaswa mtengo limapindika kuti lisataye madzi ambiri. Mtengowu umakula pang'onopang'ono. Thabwa lake n'lolemera, chiswe chimalilephera. Mlambe unatenga njira yosiyana: thunthu lake n'lofewa, lodzaza madzi, ndipo umakhala miyezi yambiri wopanda tsamba. Wodabwitsa ndi nsangu, umene umayoyola nthawi ya dzinja, motero chimanga chimachita bwino pansi pake.

Tsoka lake, mitengo yolimba ndiyo imene owotcha makala amaifuna, chonsecho imachedwa kubwerera. Wobzala mitengo ayambe waona madzi a pamalo ake asanasankhe mbande.