Nkhope za ku Zanzibar Zimene Zinatchuka Popanda Maina

M'chaka cha 1939, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatsala pang'ono kuyamba, mayi wina wa ku Cape Town dzina lake Irma Stern anafika pa chilumba cha Zanzibar atanyamula penti, maburashi ndi nsalu zojambulapo. Mayiyu anabadwa mu 1894 kwa makolo a Chiyuda ochokera ku Germany, ndipo luso lake anakaliphunzira komweko. Hitler atatenga boma, iye analeka kupondako, nayamba kuyenda mu Africa muno kufunafuna anthu oti awajambule. Ku Zanzibar anabwererako mu 1945, pa nthawi ya Sultan Khalifa bin Harub.

Kwa ife a m'mbali mwa nyanja, Zanzibar si dzina lachilendo. Jumbe woyamba wa ku Nkhotakota, Salim bin Abdallah, anachokera kumeneko, ndipo mikanjo ndi mizuli imene timavala pa Jumu'ah inadzera njira ya kugombe komweko. Nchifukwa chake tikayang'ana zithunzi za mayiyu timakhala ngati tikuona agogo athu: akuluakulu a ndevu za imvi atakulunga nduwira, amalonda atakhala pakhomo, atsikana atafunda nsalu kumutu.

Awerengi ena afunsa kale mumtima za lamulo la kujambula zinthu zamoyo. Funsolo ndi lalikulu, ndipo malo ake ndi pamaso pa mashehe athu. Ife pano tili ndi kanthu kena kamene katikhudza.

Kujambula munthu ndi penti si ntchito ya kuphethira kwa diso ngati kamera. Wojambulidwayo amakhala phee nthawi yaitali, wojambula akumuyang'anitsitsa makwinya a pachipumi, kakhalidwe ka manja, ngakhale kutopa kwa m'maso. Irma Stern zimenezi ankazitha kwambiri. Penti ankapaka wochindikala, mitundu yake yowala, mwakuti munthu amaoneka ngati ayankhula. Zithunzi zambiri za ku Zanzibar anaziika m'mafelemu opangidwa ndi zidutswa za zitseko zogoba za pachilumbapo, zija zokongoletsedwa ndi maluwa. Komatu atatha kuyang'ana nkhope mosamala chotero, pa zithunzi zambiri sanalembepo dzina la mwini nkhopeyo.

Taonani chithunzi chake chotchuka cha mu 1945. Ndi bambo wachikulire wovala zoyera, wooneka kuti ali m'maganizo akuya. Anachitcha "Arab Priest", kutanthauza wansembe wa Chiarabu. Mwana aliyense wa ku madrasa akudziwa kuti m'Chisilamu mulibe unsembe. Tili ndi maimamu, mashehe ndi aphunzitsi. Bamboyo anali ndi dzina limene anapatsidwa ali wakhanda, anali mwana wa uje, ndipo anthu a m'dera lake ankamudziwa. Zonsezo zinatsala ku Zanzibar, nkhope yokha ndiyo inakwera sitima. Mu 2011 kampani ya Bonhams ya ku London inagulitsa chithunzichi pa okishoni pa mtengo woposa mapaundi 3 miliyoni, ndipo ogula anali a nyumba zosungiramo zakale za ku Qatar. Ife tikuona kuti pamenepa mayiyu anaperewera. Ku mwambo wathu, mlendo asanamwe ndi madzi omwe timayamba tamufunsa dzina ndi kwao.

Sitikunena kuti zithunzizi sizinachite zabwino. China cha mu 1939, chotchedwa "Arab in Black", chinaperekedwa kuti chigulitsidwe pofuna kupeza ndalama zolipira maloya pa mlandu woukira boma umene unayamba mu 1956 ku South Africa. Oimbidwa mlandu analipo 156, mmodzi mwa iwo Nelson Mandela. Pambuyo pake chithunzicho chinapita ku England n'kuiwalika. Mu 2015 katswiri wa Bonhams anakachipeza m'khichini ya nyumba ina ku London, eni nyumba akumatapo makalata ndi mapepala a ngongole. Chaka chomwecho chinagulitsidwa mapaundi 842,500.

Irma Stern anamwalira mu 1966. Nyumba yake ya ku Rosebank, mu Cape Town, inasandutsidwa yosungiramo ntchito zake mu 1971, ndipo zina mwa nkhope za ku Zanzibar zinasungidwa kumeneko.