Musazime foni, Jupiter alibe nanu mlandu

Uthenga uja sukutha m'magulu a WhatsApp a ku Mabvuku, Tafara ndi Mufakose. Akuti usiku uno, kuyambira 12:30 mpaka 3:30, muzime foni ndi kuiika kutali ndi mutu chifukwa cheza choopsa chochokera ku Mars chidutsa pafupi ndi dziko. Ena amati yanena ndi NASA, ena BBC. Bodzali lazungulira mayiko kwa zaka zoposa 10, ndipo "usiku uno" wakewo sakhala ndi deti.

Wolipekayo anaphonya ngakhale pulaneti. Imene imatiponyeradi maelekitironi amphamvu ndi Jupiter. Chombo cha Pioneer 10, chomwe chinadutsa kumeneko mu Disembala 1973, chinayamba kuwaona chikadali kutali kwambiri. Maginito a Jupiter ndi amphamvu zedi, ndipo pulanetiyi imazungulira kamodzi m'maola osakwana 10, motero maelekitironi amakankhidwa mpaka liwiro loyandikira la kuwala, ena n'kupulumuka.

Akapulumuka sayenda chisawawa. Dzuwa limauzira mphepo yake pa liwiro la makilomita pafupifupi 400 pa sekondi, ndipo mphepoyo imakoka mizere ya maginito. Poti dzuwalo likuzungulira, mizereyo imapindika ngati madzi a paipi imene mwana akuizunguza pothirira ndiwo. Wasayansi Eugene Parker anafotokoza zimenezi mu 1958. Maelekitironi amatsata mizereyo, akugundagunda m'njira. Dziko lathu limalowa pamzere wolumikizana ndi Jupiter kamodzi pa miyezi 13 iliyonse, ndipo m'pamene zida za m'mlengalenga zimawawerenga ochuluka. Miyezi 13, osati maola atatu a pakati pa usiku! Komanso pamene mphepo yothamanga ya dzuwa yaomba yoyenda pang'onopang'ono pamaumbika chotchinga, ndiye chiwerengerocho chimakwera ndi kutsika pa masiku 27 alionse. Akatswiri a North-West University ku Potchefstroom, kutsidya kwa mtsinje wa Limpopo komweku, akhala zaka zambiri akuwerengera ulendo umenewu pakompyuta.

Pansi pano safika. Maginito a dziko amawakhotetsa, otsalawo amathera mumpweya kumwamba kwenikweniko. Oyenera kuganiza za cheza cha m'mlengalenga ndi opanga masetilaiti monga ZimSat-1, imene inaponyedwa mu 2022, osati agogo a ku Tafara amene akubisa foni m'kabati.

Foni yozimitsidwa usiku ili ndi vuto lake: wodwala akafuna galimoto yopita ku chipatala cha Parirenyatwa, sakupezani. Uthengawo ukabwera ufufuteni, musautumize kwa ena.