Bowa Wosadziwika Woledzeretsa: Kodi Msilamu Angaulime Pakhomo?

Chidule cha khutba ya tsiku la Jumu'ah

Timuyamika Allah (S.W.T) yemwe watigwetsera mvula ndi kutimeretsera zakudya m'nthaka, ndipo madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki wathu Muhammad (S.A.W), akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Asilamu anzathu olemekezeka, dzinja likafika amayi athu amalawirira kutchire kukazula bowa, ndipo pakhomo pamakhala ndiwo ngakhale tsiku lomwe nyanja yakana usipa. Utale, ndelema ndi manyame ndi riziki lomwe tidalidziwa kuchokera kwa makolo athu. Koma khutba ino ikuyankha funso lina lomwe lamveka pakati pa achinyamata. Munthu wapeza bowa kutchire, dzina lake sakulidziwa, koma wamva kuti pali bowa wina wozunguza mutu ndi kuonetsa munthu zinthu zachilendo, ndipo akuganiza kuti wapezawo ndi womwewo. Kodi nkoyenera kuti autengere kunyumba, aulime kuti uchuluke? Ena akumati uwu si mowa, si chamba, koma chomera chomwe Allah adachilenga. Tiyeni tiione nkhaniyi mofatsa.

Bowa woledzeretsa ndi chiyani?

Padziko lapansi pali mitundu ya bowa yoposa 200 yomwe ili ndi mankhwala otchedwa psilocybin. Nkhani ya bowa umenewu idafalikira kumaiko a azungu mu 1957, pamene R. Gordon Wasson wa ku America adalemba za miyambo ya anthu a kumapiri a ku Mexico omwe ankaudya. Mu 1958 katswiri wa ku Switzerland, Albert Hofmann, adakwanitsa kupatula mankhwalawo m'bowamo. Mu 1971 pangano la bungwe la United Nations la mankhwala ozunguza bongo lidaika psilocybin m'gulu la mankhwala oletsedwa kwambiri.

Munthu akaudya, mankhwalawo amapita ku ubongo ndi kusokoneza mauthenga a m'mitsempha. Pasanathe ola limodzi amayamba kuona mitundu ndi maonekedwe omwe palibe, sazindikiranso kutalika kwa nthawi, amachita nseru, ndipo ena amagwidwa ndi mantha aakulu. Izi zimatha maola 4 mpaka 6. Kwa munthu yemwe kumtundu kwake kuli matenda a misala, kuledzera kumeneku kungathe kudzutsa nthenda yomwe idali chigonere. Taganizani za mnyamata wotere ali m'bwato usiku pakati pa nyanja, kapena akuyendetsa njinga yamoto atanyamula mayi ndi mwana.

Ngozi ya kusadziwa

Vuto loyamba lili pa liwu loti wosadziwika. Makolo athu sankati chilichonse chomera ngati bowa ndi bowa ayi. Wodyedwa ankautcha bowa, ndipo wina wonse ankangouti chirombo, osaukhudza. Nzeru imeneyi idapulumutsa miyoyo yambiri, chifukwa bowa wakupha umafanana kwambiri ndi bowa wina.

Pali bowa wotchedwa Amanita phalloides, womwe wapha anthu ochuluka kuposa bowa wina uliwonse. Kwawo ndi ku Ulaya, koma udafikanso kum'mwera kwa Africa pamodzi ndi mitengo yobwera. Bowa umenewu ndi wa fuko limodzi ndi ndelema yomwe timadya. Poizoni wake sachoka ndi kuphika, kuyanika kapena kufutsa, ndipo theka la chisoti chake lingathe kupha munthu wamkulu. Palinso timabowa ting'onoting'ono tofiirira ta fuko la Galerina tomwe tili ndi poizoni yemweyu, ndipo timafanana ndi bowa woledzeretsa womwe achinyamatawo akuufuna.

Chinyengo cha poizoni ameneyu ndi chakuti samveka msanga. Munthu amakhala bwinobwino kwa maola 6 mpaka 24, kenaka amayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba kwambiri. Pambuyo pake amaoneka ngati wachira, abale nkumati zatha, pamene chiwindi chikuonongeka mwakachetechete. Pakapita masiku ochepa maso amasanduka achikasu, ndipo apo zimakhala zovuta kumupulumutsa. Tisanyengedwe ndi mawu oti bowa womwe wadyedwa ndi nkhono kapena tizilombo ndi wabwino. Zolengedwa zimenezi zimadya bowa wopha munthu osamva kanthu.

Ngakhale akatswiri sadalira maso okha. Mu 2024 ofufuza a ku South Africa adalengeza mitundu iwiri ya bowa woledzeretsa, Psilocybe ingeli ndi Psilocybe maluti, yomwe sayansi idali isanaipatse dzina, ndipo adachita kuyeza DNA kuti atsimikize. Nanga ife tingauzindikire bwanji poyerekeza ndi chithunzi cha pafoni? Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Tidziwenso kuti bowa wambiri wakutchire sulimika. Ndelema ndi manyame zimadalira mizu ya mitengo monga mombo ndi msuku, pamene utale umalimidwa ndi chiswe mkati mwa chulu. Wotola dothi kapena zinyalala zakutchire kuti ameretse bowa kunyumba sangadziwe chomwe chidzamere. Ndipo chikamera, chimamera pamene pamasewera ana, pafupi ndi mphika wa ndiwo.

Shariah ikuti bwanji?

Allah (S.W.T) adaletsa zoledzeretsa pang'onopang'ono. Mu Surah Al-Baqarah ndime 219 adaonetsa kuti kuipa kwake kukuposa phindu lake. Mu Surah An-Nisa ndime 43 adaletsa kuswali munthu ali woledzera. Kenaka mu Surah Al-Ma'idah ndime 90 ndi 91 adatilamula kuzipeweratu, natiuza kuti satana amadzera m'menemo kudanitsa anthu ndi kuwaiwalitsa swala.

Yemwe akuti bowa si mowa akumbukire kuti Umar bin Khattab (R.A) adafotokoza ali pa mimbari kuti chinthu chimatchedwa khamr chifukwa chophimba nzeru. Mtumiki (S.A.W) nayenso adaika lamulo pa kuledzeretsako, osati pa dzina la chinthucho, ndipo adatiphunzitsa kuti sitingadziloleze pang'ono pa chinthu chomwe chimaledzeretsa chikachuluka. Pamene chamba chidafala m'maiko a Asilamu, anthu ena adanena mawu omwewa, akuti ndi tsamba chabe. Maulamaa monga Ibn Taymiyyah, yemwe adamwalira mu 1328, adagamula kuti ndi haramu chifukwa chimachotsa nzeru. Nzeru ndi chimodzi mwa zinthu zisanu zomwe Shariah idabwera kudzateteza, pamodzi ndi chipembedzo, moyo, mtundu ndi chuma. Kuledzera kwa maola 6 kungamuchotse munthu pa swala ya Dhuhr, Asr ndi Maghrib tsiku limodzi.

Zoona, Allah ndiye adalenga bowa umenewu. Adalenganso mwabvi ndi njoka, koma kulengedwa kwa chinthu si chilolezo choti tichidye. Kulima nakonso si nkhani yapadera. Pa nkhani ya mowa, temberero silidagwere wakumwa yekha, koma ndi wofulula, wonyamula ndi wogulitsa yemwe. Surah Al-Ma'idah ndime 2 ikutiletsa kuthandizana pa machimo.

Choncho wolima bowa wosadziwika ali pakati pa njira ziwiri. Ngati bowawo ndi womwe akuuganizirawo, walima choledzeretsa, chomwe ndi haramu. Ngati walakwitsa, mwina walima poizoni, ndipo Surah Al-Baqarah ndime 195 ikutiletsa kudzigwetsera tokha m'chionongeko. Palibe njira yachitatu yomwe ingamupindulire. Mu hadith ya Nu'man bin Bashir (R.A) tikuphunzira kuti kusiya zinthu zokaikitsa kumateteza chipembedzo cha munthu ndi ulemu wake.

Nanga oti ndi mankhwala?

Nzoona kuti madokotala akufufuza ngati psilocybin angathandize odwala matenda okhumudwa kwambiri. Kuyambira pa 1 July 2023 dziko la Australia lidalola madokotala ena a matenda a maganizo, omwe apatsidwa chilolezo chapadera, kupereka mankhwalawa kwa odwala omwe mankhwala ena alephera. Koma kumeneko wodwala amayamba wapimidwa, mulingo umayezedwa, ndipo amayang'aniridwa nthawi yonseyo. Izi nzosiyana kutali ndi bowa wopanda dzina wobisidwa kuseri kwa nyumba. M'bale wathu yemwe mtima walemedwa ndi ulova, ngongole kapena imfa, timutengere kuchipatala, timuyendere, timupangire dua. Tisamusiye yekha kuti akafune mpumulo m'chinthu chomwe chingamuphe.

Tichite chiyani?

Tidye bowa okhawo womwe amayi odziwa a m'dera lathu akuuzindikira popanda kukaika, ndipo tikasamukira kudera lina tifunse eni dera. Tiphunzitse ana kunyumba ndi ku madrassa kuti asalawe bowa womera pabwalo. Wina akadya bowa wokaikitsa, tithamangire naye kuchipatala nthawi yomweyo osadikira kuti ayambe kusanza, ndipo titenge bowa wotsala kuti madokotala auone. Onse omwe adya nawo apite, ngakhale akumva bwino. Manyazi asatichedwetse, chifukwa moyo ndi amana ya Allah.

Achinyamata omwe akufuna ulimi wa bowa, khomo la halali ndi lotsegula. Bowa wa oyisitala umalimika m'kanyumba pogwiritsa ntchito zotsalira za chimanga, ndipo umagulitsidwa. Funsani alangizi a zaulimi kuti akulozereni kopeza mbewu yodziwika. Yemwe adayesapo zoledzeretsa asataye mtima. Khomo la taubah silinatsekedwe.

Tikupempha Allah (S.W.T) kuti atisungire nzeru zathu, ateteze ana athu kumtunda ndi panyanja, ndipo atikwaniritse ndi riziki la halali. Ameen.